Mchere Patsinde pa Jakaranda

1. Lonjezo la pa mbendera

Chaka cha 1992 mvula inathawa mu Januwale, chimanga chitangofika m'chiuno. M'dera lonse la Magodi mitsinje inasanduka misewu ya mchenga. Pofika mu Juni zitsime za m'midzi zinali zitauma, ndipo anthu onse ankatunga pa mjigo umodzi wa pa sukulu ya Msekeni.

Pa sukuluyo panali mtsikana wa Giredi 9 dzina lake Tryphena Thole. Kwawo kunali kutali, choncho ankagonera pa sukulu pamodzi ndi atsikana ena a m'midzi yakutali. Atsikanawa ankadziphikira okha kuseri kwa makalasi.

Tryphena ndiye ankatsogolera kalabu yosamala zachilengedwe. Mu Disembala, iye ndi anzake anali atabzala mitengo mbali zonse ziwiri za msewu wolowera pa sukulu, kuyambira pa chipata mpaka pa ofesi. Anabzala jakaranda, malalanje ndi mapeyala, mbande zochokera ku Boma. Mbandezo zitaperewera, anatseka mipata ndi nimu, bwemba ndi masau.

Tsiku lina m'mawa, ana atafola pa mbendera, aphunzitsi aakulu, a Mtonga, anaimirira nkhope ili gwa.

"Ana inu, tcherani khutu," anatero. "Mjigo uwu tsopano si wa sukulu yokha. Midzi yonse yotizungulira ikumwa pomwepa. Madzi ake ndi a munthu: akumwa, ophikira, osamba ndi ochapira. Kuyambira lero palibe kuthirira maluwa, palibe kuthirira mitengo, palibe kuwaza madzi m'kalasi posesa. Ndikudziwa kuti mtengo ndi chinthu chabwino, poti ndine ndinakuphunzitsani zimenezo m'phunziro la sayansi. Koma mtengo ukafa timabzala wina. Mwana akafa ndi ludzu sitibzala wina. Amene ndidzamupeza atatunga madzi pa mjigo n'kukathira patsinde pa mtengo, ngakhale kapu imodzi, adzanyamula katundu wake tsiku lomwelo. Sindidzafunsa kuti ndi mwana wa yani. Sindidzafunsanso kuti mayeso ake ali pafupi kapena ayi."

Kenako Tryphena anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga madzi amene tagwiritsa kale ntchito? Otsukira mbale ndi ochapira timangowataya kuseri. Mukatilola, tiziwasonkhanitsa ndi kuthirira mitengo."

Anyamata a kumbuyo anaseka.

"Mtengo umwe sopo?" anafunsa mmodzi. "Udzabala thovu!"

A Mtonga sanaseke. Anamuyang'ana mtsikanayo kwa kanthawi.

"Ukulonjeza chiyani, Thole?"

"Ndikulonjeza kuti pa Tsiku la Ufulu, mu Okutobala, makolo adzadutsa pamsewu wobiriwira, ndipo mjigo sudzataya ngakhale dontho chifukwa cha ife."

"Sukulu yonse yamva," anatero a Mtonga. "Kuseri kwa ofesi kuli mgolo wakale. Katengeni."

2. Mgolo umodzi

Atsikana anagubuduza mgolowo mpaka pafupi ndi pophikira pawo. Kuyambira tsiku limenelo madzi onse otha ntchito ankalowa mmenemo.

Munkalowa madzi amene ankaviikamo tinsomba touma ta kapenta kuti tichepe mchere. Munkalowa madzi a phulusa lokwechera mapoto, pakuti mtsikana wa ku Magodi sasiya poto wakuda kunsi. Munkalowa madzi a sopo wochapira mayunifolomu, ndi a soda wophikira therere. Zonse mumgolo umodzi.

Madzulo aliwonse a kalabu ankatunga mmenemo ndi zitini, n'kuthira pang'onopang'ono patsinde pa mtengo uliwonse. Ngakhale pa tchuthi cha Ogasiti ntchito sinaime, chifukwa a Giredi 9 anatsala pa sukulu kukonzekera mayeso. Anyamata anamupatsa Tryphena dzina lakuti Nduna ya Zithaphwi. Iye sanakwiye. Mitengo inali yobiriwira, ndipo zimenezo zinamukwanira.

Mu Seputembala dzuwa linakula mphamvu. Apa ndi pamene zinthu zinatembenuka.

Masamba a mapeyala anayamba kupsa kunsonga, ngati munthu wawadutsitsa pamoto. Kenako malalanje anachita chikasu m'mphepete n'kuyamba kuyoyoka. Jakaranda, amene atsikana ankamukonda kuposa mitengo yonse, anauma nsonga za nthambi.

"Ndi ludzu," anagwirizana a kalabu. "Tiwonjezere madzi."

Anayamba kumana nimu, bwemba ndi masau, kuti mitengo yodwalayo izimwa kawiri. Koma pamene ankawonjezera madzi ndi pamene masamba ankapsa kwambiri. Mitengo imene ankaimana ija ndiyo inkaoneka yosadandaula.

Lolemba lina a Mtonga anayenda msewu wonse manja ali kumbuyo, kenako anaitanitsa Tryphena.

"Thole, ndinakulola chifukwa unayankhula ngati munthu wamkulu. Tsopano taona. Mgolo wako ukununkha, ntchentche zadzaza pophikira, ndipo mitengo ikufa. Sindidzalola kuti makolo adzadutse pakati pa ndodo zouma pa Tsiku la Ufulu. Ngati pofika tsikulo mitengoyi idzakhale isanaphukenso, udzaizula yonse ndi manja ako m'mawa mwake, sukulu yonse ikuona. Kalabu idzathera pomwepo. Sindikukuda ayi. Ndikufuna udziwe kuti mawu olankhulidwa pa mbendera amalemera."

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha Tryphena, maso ali pansi.

3. Mzere wa ndowa

Tryphena anali ndi mnzake wapamtima dzina lake Lukundo. Iyeyu anakulira ku Chipata, ndipo ankayankhula Chinyanja cha m'tauni, chothamanga ngati njinga yopanda mabuleki.

M'mawa mwake inali nthawi ya awiriwa kukatungira anzawo madzi ophikira. Anafika pa mjigo kunja kukungoyera kumene. Panalibe munthu. Panali mzere wautali wa ndowa, zigubu ndi mitsuko, zimene amayi a m'midzi ankasiya dzulo lake kuti ziwasungire malo.

Lukundo anapopa mpaka ndowa yoyamba inadzaza. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Iwe Nduna, mvela. Ma jakaranda yako yafuna manzi yabwino, si vija vonunkha. Tinyamule ndowa iyi, tithile, tibwele. Palibe amene azaona. A hedi akali gone."

"Unamva zimene ananena pa mbendera."

"Ananena kuti amene azamupeza. Manje azatipeza bwanji? Mtengo ulibe kamwa, siuzatinenela."

"Nanga dothi lonyowa?"

"Tizathila vumbi pamwamba. Iwe, uganiza bwanji? Ufuna ukazule mitengo yako anyamata akukuimbila nyimbo? Ine nizakufela nsoni, mwana."

Tryphena anagwira chogwirira cha ndowa. Madzi anali oyera mbee, moti ankaona pansi pa ndowayo. Msewu wa mitengo unali pafupi, ndipo jakaranda woyamba ankaoneka kuchokera pomwepo, nthambi zake zili ngati zala za nkhuku.

Anainyamula ndowayo n'kuyenda pang'ono. Kuti akafike pamsewu anayenera kudutsa m'mbali mwa mzere uja. Anadutsa chigubu chachikasu, anadutsa mtsuko wosweka kukamwa, anadutsa ndowa yomatidwa ndi phula. Kumapeto kwenikweni kunali ketulo yaing'ono yopanda chivundikiro, yotsamizidwa ndi mwala kuti mphepo isaigwetse.

Anaima, n'kutula ndowa pansi.

"Lukundo, bwera kuno. Mjigo uwu masana umatsamwa, ndipo a kumapeto amabwerera opanda madzi. Ndowa imene tithire pamtengo ndi ya mmodzi mwa anthu awa. Sankha iweyo. Tim'mane uti? Wa chigubu, kapena wa ketulo uyu?"

Lukundo anayang'ana ketuloyo, n'kukanda m'mutu.

"Iwe uli monga m'busa," anatero. "Munthu sangachimwe bwino pafupi na iwe."

"Tiye tikaphike."

"Tiye. Koma ukazazula, ine nizadwala mutu tsiku limenelo. Nakuuzilatu."

Anasenza ndowa zawo n'kulunjika kophikira. Jakaranda sanamwe kanthu m'mawa umenewo.

4. Zimene Chitenje ananyambita

Patapita masiku ochepa, ana ali m'kalasi masana, kunamveka phokoso kumsewu.

"Ng'ombe! Ng'ombe zalowa!"

A kalabu anatuluka ndi liwiro. Ng'ombe zinali zitathyola mpanda wa minga n'kudzaza msewu wonse. Kumbuyo kwake kunkathamanga bambo wamtali, chikwapu m'manja. Anali a Jethro Thole, bambo ake a Tryphena. Chifukwa cha chilala, abambo ankaperekeza okha ng'ombe zawo mtunda wautali kukamwa kumaenje okumbidwa mumtsinje, ndipo njira yake inkadutsa kuseri kwa sukulu.

"Adada, zitha mitengo yathu!" anafuula Tryphena.

Koma atayandikira anadabwa. Ng'ombe sizinkadya masamba. Zinali zitaweramitsa mitu, n'kumanyambita dothi patsinde pa mitengo. Ng'ombe yamawangamawanga yotchedwa Chitenje inali itagwada ndi miyendo yakutsogolo pansi pa jakaranda, ikukwecha nthaka ndi lilime. Chikwapu chinalira pamsana pake, koma sinasunthe.

Anyamata atathandiza kuzitulutsa, a Thole anapukuta thukuta, anatembenukira kwa mwana wawo n'kumupatsa moni m'chiyankhulo cha kwawo.

"Monire, NyaThole."

"Yewo, adada. Monire."

"Kodi pa sukulu pano mwalemera chotani, kuti muzithira mchere pansi?"

"Mchere? Sitithira mchere ife. Timathira madzi a mumgolo."

A Thole anagwada pamene panagwada Chitenje. Pamene lilime silinafike panali kachikhungu koyera, kopyapyala ngati ufa wouluka pamphero. Atsikana ankakaona masiku onse, koma ankayesa thovu la sopo louma. Bamboyo anakapala ndi chikhadabo n'kumupatsa mwana wake.

"Lawa."

Tryphena anaika palilime, n'kulavula msanga. Kanali kowawa mchere, koluma ngati chidulo.

A Thole anakhala pa chitsa, chikwapu pamaondo.

"Mama, ng'ombe sinama pa nkhani ya mchere. Imaumva patali kuposa mmene imamvera madzi. Ukudziwa malo aja kumunsi kwa dambo lathu, kumene ng'ombe zakumba dzenje ndi malilime? Ndakhala ndikupita kumeneko kuyambira ndili mnyamata. Kayang'ane zimene zimamera pamenepo. Chimanga sichimera. Mango amene amalume ako anabzala m'mphepete mwake anafa asanafike m'bondo. Koma msau ulipo, ndipo umabala chaka ndi chaka. Mitengo ili ngati anthu. Wina amadya zowawa n'kugona tulo, wina zomwezo zimamupweteka m'mimba. Iwe wawaphikira onse mumphika umodzi. Ndipo chenjera ndi ichi: madzi amachoka, koma mchere suchoka. Dzuwa limamwa madzi n'kusiya mchere pomwepo. Mawa ukathira, ukuwonjezera pa wadzulo. Ukaona chinthu chikudwala, usathamangire kuwonjezera chomwe wakhala ukuchipatsa. Yamba wafunsa ngati si chomwecho chikuchidwalitsa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tryphena anayang'ana msewu wonse. Pansi pa jakaranda, malalanje ndi mapeyala, pamene ankathira kawiri, ng'ombe zinali zitakumba maenje. Pansi pa nimu ndi masau zinangonunkhiza n'kupitirira.

"Ndiye kuti imene timaikonda ndi imene timaipha," anatero.

"Sinafe yonse," anayankha bambo ake, akuimirira. "Khala makora, NyaThole. Ukandipepesere kwa aphunzitsi za mpandawu. Loweruka ndibwera ndi minga."

5. Zivundikiro ziwiri

Tryphena sanathamangire ku ofesi. Anafuna kupita ndi chinthu chooneka ndi maso.

Anatenga zivundikiro ziwiri za mapoto n'kuzitembenuza chagada. M'chimodzi anathira madzi a mumgolo. M'chinacho anathira madzi amene Lukundo anali atangotsukuluzira mbale zotsuka kale. Anaziika pa lata lakale padzuwa.

"Manje waphika chani?" anafunsa Lukundo. "Tiyi wa abuluzi?"

"Dikira uone."

Pofika mawa lake masana madzi onse anali atauma. Chivundikiro cha madzi otsukuluzira chinali ndi kamzere kochepa chabe m'mphepete. Cha madzi a mumgolo chinali choyera ponseponse, ndipo chala chikadutsa chinkasiya njira.

Ananyamula zonse ziwiri n'kukagogoda ku ofesi. Anafotokoza za ng'ombe, za mawu a bambo ake, ndi za zinthu zonse zimene zinkalowa mumgolo.

A Mtonga anapita nazo pawindo. Anazipendeketsa padzuwa, ndipo nkhope yawo inamasuka.

"Iyi ndiye sayansi, Thole. Sunangomva n'kukhulupirira, wayesa. Tsopano ndikufunse. Ukathira mchere pa masamba aawisi a mpiru n'kuwasiya m'mbale, chimachitika n'chiyani?"

"Amatuluka madzi n'kufota."

"Mizu nayonso chimodzimodzi. Dothi likachuluka mchere, muzu umalephera kukoka madzi ngakhale dothilo lili lonyowa. Mtengo umafa ndi ludzu uli m'madzi. Si mchere wa kapenta wokha ayi. Phulusa, soda ndi sopo nazonso zili ndi michere yake. Ukufuna kuchita chiyani?"

"Tisiyanitse madzi, aphunzitsi. Oipitsitsa tisathirire konse. A sopo tipatse mitengo yopirira. Otsukuluzira tipatse yosapirira."

"Bwino. Ndiwonjezerepo ziwiri. Lekani kuthira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, chifukwa madzi ochepa amathera pamwamba n'kusiya mchere pamizu. Sungani madzi, kenako muthire ambiri nthawi imodzi, kuti akankhire mchere pansi kupitirira mizu. Mukatero phimbirani ndi mapesi, dzuwa lisamwe msanga."

Tryphena anamwetulira, koma a Mtonga anakweza chala.

"Usasekerere. Mawu anga aja sanasinthe. Tsiku la Ufulu ndidzayang'ana masamba, osati zivundikiro."

6. Ntchito ya manja ambiri

Chovuta sichinali mitengo. Chovuta chinali atsikana.

"Titsuke mbale, tiphike, tiwerenge, ndiye tizisankhanso madzi ngati tikusankha nyemba?" anadandaula ena. "Ife tatopa nayo mitengo yakoyo."

Tryphena anasowa poyambira. Amene anamupulumutsa anali Lukundo. Anakwera pamwala, chivundikiro choyera chija m'manja, n'kuyamba kuchizungulitsa pamphuno pa aliyense.

"Nyambita! Ati watopa? Nyambita, umve vimene tinali kupatsa ma olenji. Iwe ungamwe? Manje mvelani. Ine nine kapitawo wa migolo. Amene azathila manzi ya kapenta mu mgolo wa jakaranda, azagona na Chitenje mu khola!"

Atsikana anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo ntchito inayamba.

Anataya madzi onse akale n'kutsuka mgolo. Anabwereka mitsuko ikuluikulu iwiri yofululira thobwa kwa akazi a aphunzitsi. Madzi a kapenta, a soda ndi a phulusa ankapita kudzenje kuseri kwa zimbudzi. Madzi a sopo ankalowa mumgolo, kudikira nimu, bwemba ndi masau. M'mitsuko munkalowa otsukuluzira okhaokha: omalizira kutsuka mbale, omalizira kuchapa, ndi otsukira nyemba zisanaphikidwe.

Loweruka a kalabu anapala kachikhungu koyera patsinde pa mtengo uliwonse n'kukataya kunja kwa mpanda. Anakulitsa mabeseni a dothi kuzungulira mitengo. Anatola mapesi m'munda wa sukulu, amene chilala chinawasiya opanda chisononkho, n'kuphimbira. Anyamata ena amene ankaseka aja anabwera ndi makasu, akunamizira kuti akungodutsa.

Madzi otsukuluzira anali ochepa, choncho ankathirira mitengo mosinthana. Lero ingapo imwe mpaka kukhuta, mawa ina.

Sabata yoyamba sipanaoneke kusintha. Sabata yachiwiri malalanje analeka kuyoyoka. Koma mapeyala anapitirira kuda kuchokera kunsonga kutsika m'munsi. Tryphena anakanda khungwa la limodzi ndi chikhadabo. M'kati munali mouma.

Sanadikire kuuzidwa. Anatenga khasu, n'kuzula mapeyala onse yekha. Anasalaza maenjewo bwinobwino kuti adikire mvula.

"Bwanji osawasiya? Kapena a hedi sazaona," anatero Lukundo.

"Adzaona. Ndipo madzi amene mitengo yakufa ikumwa ndi a mitengo yamoyo."

Lachitatu la sabata yotsatira, mwana wina wa kalabu anabwera akuthamanga kuchokera kuchipata. Anangomukoka Tryphena pa dzanja. Pa jakaranda woyamba, m'munsi mwa nsonga youma ija, panali timasamba tatsopano tonga nthenga za mwanapiye.

7. Tsiku la Ufulu

Pa 24 Okutobala makolo anabwera m'mawa, ena pa njinga, ena wapansi. Chaka chimenecho kunalibe phwando. Kunali nyimbo ndi magule basi. Koma aliyense wolowa pa chipata ankachepetsa liwiro.

Dziko lonse linali lotuwa, kuyambira kumapiri mpaka kudambo. Msewu wa sukulu wokha ndiwo unali ndi mizere iwiri yobiriwira. Nimu anali atafika m'chifuwa mwa munthu. Masau ndi bwemba anali atachita nthambi. Malalanje anali ndi masamba atsopano onyezimira, ndipo jakaranda aliyense anali ataphuka.

A Mtonga anayenda msewu wonse manja ali kumbuyo, monga tsiku lija. Anaima pa maenje opanda kanthu.

"Apa panali chiyani?"

"Mapeyala, aphunzitsi. Anafa. Ndinawazula ndekha. Mvula ikagwa tidzabzalapo masau."

A Mtonga asanayankhe, mayi wina anatuluka m'gulu la makolo. Anali a NyaHara, amene ankayang'anira mzere wa pa mjigo m'malo mwa amayi a m'midzi.

"Aphunzitsi, pepani, ine sindibisa mawu. Kwathu ngakhale nthochi zauma. Mitengo iyi yabiriwira ndi chiyani? Anthu akunong'ona kuti ana anu akumwetsa mitengo madzi athu."

Gulu linayamba kung'ung'udza. A Mtonga anatembenukira kwa Tryphena.

"Yankha, Thole."

"Amama, tiyeni mukaone," anatero Tryphena.

Anawatsogolera kuseri kwa makalasi, amayi ambiri akutsatira. Anawaonetsa dzenje, mgolo ndi mitsuko. Anafotokoza madzi amene amapita kulikonse, ndi mitengo imene imapirira mchere ndi imene siipirira. A NyaHara anavundukula mtsuko, anatunga ndi chikho, n'kuyang'anitsitsa. Pamwamba pankayandama khoko la nyemba.

Anaseka mpaka kuwomba m'manja.

"Awa ndi madzi otsukira mbale enieni! Ine ndimataya otere tsiku lililonse, papaya wanga akuuma pakhomo. Iwe mwana wa a Thole, ubwere kwathu ukatiphunzitse. Amayi, mwamva? Anawa sanatibere!"

Nthungululu zinalira kuchokera kophikira mpaka kubwalo.

Anthu atakhala pansi, a Mtonga anaimika Tryphena ndi a kalabu onse kutsogolo.

"Makolo ndi ana, mtsikana uyu analonjeza pa mbendera ino, ndipo wakwaniritsa. Kalabu ipitirira. Koma ana inu, musatenge phunziro lolakwika. Sindikumuyamikira chifukwa sanalakwitse. Analakwitsa, ndipo maenje aja ndi mboni. Ndikumuyamikira chifukwa zinthu zitavuta sanatambasule dzanja kutenga za anthu ena. Anamvera bambo ake, anayesa yekha, n'kusintha njira. Mudzakumana ndi zilala zambiri m'moyo, zina za mvula, zina za zinthu zina. Nthawi zonse padzakhala njira yachidule yodutsa pa ndowa ya mnzanu. Musadzadutsepo."

Anyamata a kumbuyo anayamba kufuula: "Nduna! Nduna!" Ulendo uno za zithaphwi anazisiya. A Thole anavula chipewa n'kuchikweza m'mwamba. Lukundo anavina yekha pakati pa bwalo, ng'oma zisanayambe.

Magule anatha dzuwa litapendeka. Tryphena ndi Lukundo anatenga ndowa kupita pa mjigo, akuimba. Anapeza amayi ataima mozungulira mjigowo. A NyaHara ankapopa, koma mkono wa mjigo unkangokwera ndi kutsika mopepuka. Kumpopi kunatuluka madontho a matope, kenako mpweya wokha.

Wina anathamanga kukaitana a Mtonga. Anabwera, anavula jekete, n'kupopa okha mpaka malaya ananyowa. Kenako anagwada, n'kuika khutu pa mpopi. Anakhala choncho nthawi yaitali.

Atadzuka anayang'ana mzere wa ndowa, anayang'ana msewu wobiriwira uja, kenako anayang'ana Tryphena.

"Thole," anatero motsitsa mawu, "mjigo wauma. Thamanga ukaimbe belu. Makolo asanapite patali, onse abwerere."